Sabata yozizira kwambiri pa famu ya nkhosa ku Scottish Borders

Mu Januwale kuno dzuwa limatuluka itatsala pang'ono kukwana 9 koloko m'mawa, ndipo pofika 4 koloko madzulo mdima wayamba kale kugwa. Ntchito yonse ya kunja iyenera kutheka m'maola ochepawo. Ine ndimayang'anira nkhosa pa famu ina kumtunda kwa chigwa cha Ettrick, ku Scotland. Zambiri ndi za mtundu wa Scottish Blackface, zonse zabere, zikuyembekezeka kuswa mu Epulo. Udzu wa m'phiri ukakwiririka ndi chipale, nkhosazi zimadikira ngolo ya chakudya m'mawa uliwonse, ndipo chokokera ngoloyo ndi njinga yamoto ya mateyala anayi, ija kuno amati quad. Thirakitala singakwere kumene nkhosa zimagona. Quad ikakana kulira, ndiye kuti matumba asenzedwa pamapewa.

Pa famupa tili ndi njinga ziwiri zotere. Ina ndi Honda TRX420, ya fuel injection (kakompyuta ndi kamene kamayeza petulo wolowa mu injini), ina ndi yakale ya kabuleta ndi tchoko, imene amayendera mnyamata amene abwana anamulemba ntchito chilimwe chathachi.

Lolemba kunacha kuli madigiri 8 pansi pa ziro. Yanga sinavute, koma ili ndi mwambo wake. Ndikatembenuza kiyi sindithamangira sitata: ndimayamba ndamvetsera kaye pampu ya petulo ikuchita kaphokoso kake mpaka itakhala chete. Chala chachikulu sichikhudza throttle (chowonjezerera moto) m'pang'ono pomwe, chifukwa kakompyuta ka injini kamadziwa kuti kunja kwazizira ndipo kamawonjezera petulo kokha. Buku la njingayi limati sitata isapitirire masekondi 5, kenako upume masekondi 10 usanayeserenso. Lamulo limenelo ndimalisunga ngakhale nkhosa zikulira pageti. Ikalira ndimaisiya kwa mphindi zingapo chitseko cha shedi chili chotsegula. Apa ndimakhwimitsa kwambiri, pakuti mpweya wakupha wa carbon monoxide wotuluka mu injini ulibe fungo, ndipo munthu wozizidwa amalakalaka kutseka chitseko.

Lachiwiri ndinapeza mnyamata uja atakanikiza sitata mosalekeza, injini ikungoti rrr, rrr, mofooka, mpaka kunangotsala kamawu koti tiki, tiki. Ndinamuuza kuti aleke, tiyeze kaye batire. Mita inasonyeza mavoti 12.1. Batire lodzaza bwino limasonyeza 12.6 kapena kuposerapo pang'ono, choncho lakelo linali litatsika kufika cha pa theka kapena kucheperapo.

Batire la njinga ndi laling'ono, ndipo chisanu chimalilanda mphamvu pa nthawi imene injini ikufuna mphamvu zambiri. N'chifukwa chake nambala ya CCA imene imalembedwa pa batire, yosonyeza mphamvu yake yolizira injini kukazizira, amaiyezera pa madigiri 18 pansi pa ziro. Choipa china n'chakuti batire lofooka madzi ake amatha kuundana, ndipo likaundana lawonongeka, pamene lodzaza limapirira chisanu choposa chilichonse chimene dziko lino linaonapo. Ku Braemar, mudzi wina wa ku Scotland kuno, mu Januwale 1982 kunafika madigiri 27.2 pansi pa ziro, ndipo batire lodzaza silikanaundana ngakhale tsiku limenelo. Tinalichotsa n'kukaliika pa tchaja m'chipinda chofunda. Tsikulo ndinazungulira phiri lonse ndekha, mnyamatayo n'kutsala akuswa madzi oundana m'zomwera za m'khola.

Lachitatu ndi limene linandidyera nthawi. Batire linabwerera lili bwinobwino, sitata ikuzungulira mwamphamvu, tchoko titakoka mpaka kumapeto, koma injini inkangotsokomola n'kuzima. Titamasula pulagi tinaipeza yonyowa ndi yakuda. Tinaiumitsa, zinthu osasintha. Ndipamene ndinamufunsa kuti petulo anamutenga kuti. Anandilozera chigubu chimene chinali pakona ya shedi kuyambira mu Ogasiti, chotsala ku makina otchetchera udzu.

Petulo wa mu Ogasiti si wofanana ndi wa mu Januwale, ngakhale pampu ikhale yomweyo. Wa nyengo yozizira amamusakaniza kuti azisanduka nthunzi mosavuta, chifukwa chimene chimayaka mu injini ndi nthunziyo. Wa chilimwe amachedwa kusanduka nthunzi, ndiye akakhalanso miyezi m'chigubu, mbali yake yopepuka ija imauluka n'kutsala wolemera wokhawokha. Kuwonjezera apo, kuyambira mu Seputembala 2021 petulo wamba kuno ndi E10, amene amakhala ndi ethanol wofika mpaka magawo 10 pa 100 alionse. Ethanol amakoka chinyezi cha mumpweya. Chinyezicho chikachuluka, madzi ndi ethanol zimapatukana ndi petulo n'kukakhala pansi, pomwe paipi imayamwira. Ndinamasula kasikuluwu ka pansi pa kabuleta, n'kukhuthulira zotulukazo m'botolo loonekera. Madzi anaoneka atakhala pansi, petulo pamwamba, mzere wake uli poyera. Mnyamatayo analiyang'anitsitsa botololo, ndipo ndikukhulupirira kuti anaphunzira zambiri pamenepo kuposa zimene ndikanamufotokozera pakamwa.

Tinakhuthula thanki yonse, n'kuthiramo watsopano wa E5, wa ethanol wosapitirira magawo 5 pa 100 alionse, amene ndinakagula m'tauni ya Selkirk. Ndi wodula, ndipo abwana amadandaula nawo mtengo wake, koma pa njinga ya kabuleta ine sindilola wina m'nyengo ino. Inalira titangoyesa. Ndinamuonetsa kubweza tchoko pang'onopang'ono pamene injini ikutentha, chifukwa kuisiya yokoka nthawi yaitali ndi kumene kumadetsa pulagi.

Usiku wake ndinaimbira achimwene anga ku Nkhotakota, amene ali ndi njinga ya kabaza. Nditawafotokozera anati, "Koma mphwanga, ethanol ameneyo si yemweyu wa ku Dwangwa tikuyendera ife tsiku ndi tsiku?" Ndinati, "Ndi mtundu womwewo, achimwene, ndipotu kwathu tinayamba kumusakaniza mu 1982. Koma inu thanki yanu imatha tsiku lomwelo, petulo sagona." Anavomera. Vuto lenileni ndi petulo wokhalitsa ndi thanki yosadzaza: masana mpweya wa m'thanki umafunda, usiku chinyezi chake chimasanduka timadontho m'mbali mwa thankiyo. Choncho ine ndimadzaza madzulo poweruka, injini itazima ndi kuzizira, osati m'mawa. Chigubu pochithira ku filing'i siteshoni chimakhala pansi, osati pagalimoto, chifukwa mpweya wouma wa chisanu umapangitsa timagetsi tothetheka, timene tingayatse petulo, kuchuluka.

Lachinayi kunali kwa oyilo. Nditatsegula pothirira pa njinga yakale ndinaona zoyera ngati mkaka zitamata kuchivundikiro. Zimenezo zimabwera injini ikamayenda maulendo aafupi osatentha mokwanira kuti madzi a m'kati aphwe. Tinachotsa wakale wa 10W-40, amene pachisanu chotere amatsika ngati uchi, n'kuthiramo 5W-40 wolembedwa JASO MA, chizindikiro cha oyilo wa njinga zamoto. Oyilo wa galimoto wamba sayenera, chifukwa kilatchi ya njingazi imakhala m'kati mwa oyilo womwewo ndipo imayamba kuterereka. Ndinayezanso mateyala. Mpweya wake ndi wochepa kale, cha m'ma psi 4, ndiye chisanu chikachotsapo pang'ono teyala limodzi, njinga imakokera mbali imodzi, zimene sufuna pamtsetse uli ndi ngolo kumbuyo.

Lachisanu chipale chinagwa usiku wonse. Madzulo a Lachinayi mnyamata uja anawoloka kamtsinje n'kuimika njinga mabuleki ali onyowa, atamanga buleki yoimikira. M'mawa mateyala akumbuyo anali atagwirana ndi madzi oundana. Tinachita kuwomba ndi chotenthetsera cha magetsi mpaka atamasuka. Ndinamuuza kuti akatuluka m'madzi aziyenda kamtunda akugwiragwira mabuleki kuti aume, ndipo m'shedi mosatsetsereka aziisiya m'giya. Ndinamuuzanso chimene ine ndimachita ndisanalize: kukanikiza throttle n'kuisiya, kuona ngati ikubwerera yokha. Waya wake ukaundana uli wotsegula, njinga imathamanga osamvera munthu, ndipo helemeti yokha singakupulumutse paphompho. Tinakafika kwa nkhosa mochedwa ndi ola lathunthu, koma zonse zinadya.

Loweruka abwana anabweretsa tchaja yachiwiri, ya mtundu uja umaisiya polumikiza usiku wonse osawononga batire, ndipo tsopano njinga zonse ziwiri zimagona zili pa magetsi. Chigubu cha mu Ogasiti tachiika padera kuti chikatayidwe kumalo ovomerezeka, ndipo pa zigubu zatsopano ndalembapo tsiku limene tinagula. Sabata yamawa kukubwera woyeza bere ndi makina ake, choncho nkhosa zonse ziyenera kutsika m'phiri kusanache bwino, ndipo ntchito imeneyo imafuna njinga zonse ziwiri.