Dzino limodzi linachedwetsa opareshoni yanga ya mtima

Ndatuluka m'chipatala kuno ku Johannesburg, valavu yachitsulo (kachitseko ka mumtima kolola magazi kudutsa mbali imodzi) ikulira pachifuwa ngati wotchi, koma mkwiyo wa dzino lija sunaphwebe.

Kolesitulo yochuluka, mafuta a m'magazi aja, kwathu ndi ya kumtundu. Bambo anatisiya ndi nthenda ya mtima ali aang'ono, ine ndinali ndi timabuma kuchidendene n'kumati ndi nsapato zothina. Dokotala atangogwira timabumato anazindikira kuti ndi kolesitulo, poti kuno vutoli n'lofala pakati pa ma Afrikaner, azungu olankhula Chiafrikaans. Statin, mankhwala otsitsa kolesitulo, ndamwa zaka, komatu iyeyu amateteza mitsempha, valavu yomwe yauma kale saibweza. Echo, sikani ya mtima, inaonetsa kuti khomo la valavu ya aorta (mtsempha waukulu wotulutsa magazi mumtima) lachepa, silikukwana 1 cm², magazi akuthamanga kupitirira mamita 4 pa sekondi. N'chifukwa chake masitepe ochepa okha ndinkachita nawo phuma.

Tsono tsiku la opareshoni. Ndasala chakudya usiku wonse, alamu ajomba kuntchito, ndavala kale chimkanjo chotsegula kumbuyo chija. Anesi akuvundukula fayilo: "Bambo, kalata ya dokotala wa mano ili kuti?" Kalata yanji? Miyezi yonseyo ndikuyendera chipatalachi, palibe anatchulapo za mano! Akuti tizilombo ta m'dzino lobooka timalowa m'magazi n'kukamanga msasa pa valavu yatsopano. Chifukwacho n'chomveka, koma n'kundiuza nditavula? Ndinabwerera kunyumba ndi njala, dzino n'kukazula, kenako masabata atatu kudikira bala lipole. Pitani kwa dokotala wa mano tsiku lomwelo akuuzani za valavu, musadikire kutumidwa.

Ndaiwala, izi zisanachitike panali angiogram ndi CT, zojambula zoonetsa mkati mwa mitsempha. Ife a kolesitulo ya kumtundu amatiunika kwambiri, chifukwa mitsempha ya mtima imatha kukhala yotsekeka, aorta nayo yolimba gwa, yovuta kuipana pa opareshoni. Yanga inali bwinoko. Ndinapempha TAVI, yolowetsa valavu kudzera m'mphechepeche osang'amba chifuwa, anati pa zaka 46 ndidakali mwana. Valavu yochokera ku ng'ombe kapena nkhumba imatha, ndikanadzabwereranso. Ndinasankha yachitsulo, ndiye warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, ndi moyo wonse, INR (muyezo wa kuundana kwa magazi) izikhala pakati pa 2 ndi 3.

Koma mano, abale, yambani ndi mano.

Lachiwiri ndikupita kukayezetsa INR, ndipo ana onse awiri ndiwatenga akawakoke magazi oyeza kolesitulo. Mwa ana a munthu wonga ine, pafupifupi theka amatengera. Wamng'onoyo wayamba kale kulira atamva za jakisoni.