Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Nyengo yochonga mayeso

M'gawo lapitalo ndinakufotokozerani mmene ndinayambira ntchito yophunzitsa pakoleji. Lero ndikambe za masabata omaliza a semesita, chifukwa ndi pamene ntchito imeneyi imaonetsa nkhope yake yeniyeni.

Achibale anga amaona ngati lekichala ndi munthu wongodya zabwino: walowa m'kalasi maola awiri, watuluka, tsiku latha. Iwowo sindiwadandaula. Chimandiwawa n'chakuti fomu yowerengera ntchito yathu nayonso imaganiza chimodzimodzi. Imawerenga maola amene ndaima kutsogolo kwa bolodi basi. Kalasi ya ophunzira 40 ndi kalasi ya ophunzira 200 pafomupo n'zofanana, koma pochonga winayo amagona nthawi yabwino, ine tambala woyamba amandipeza ndidakali ndi cholembera chofiira m'manja.

Mayeso asanalembedwe, mafunso amakadutsa kaye ku komiti yowaunika. Ganizo lake ndi labwino, ndipo ndimaligwirizana nalo: mnzako amatha kuona funso losamveka, kapena malikisi amene ukawaphatikiza sakukwana 100. Koma kwathu msonkhanowu unasanduka wosaka liwu loyamba la funso. Mu 1956 katswiri wa zamaphunziro Benjamin Bloom ndi anzake anasanja magawo a kuganiza, kuyambira pa kungodziwa chinthu mpaka pa kuchiunika, ndipo mu 2001 akatswiri ena anawasanjanso n'kuika kupanga chatsopano pamwamba penipeni. Cholinga chinali chakuti tisamangoyesa zoloweza. Ife tinangotolapo mndandanda wa mawu. Funso langa lina linabwezedwa ati n'lotsika kwambiri kwa a chaka chachiwiri. Ndinachotsa "fotokozani" n'kuikapo "unikani", china chilichonse osakhudza, ndipo linadutsa anthu akugwedeza mitu kuti eya, tsopano lakhwima.

Izo n'zazing'ono. Nkhani yaikulu ndi ya ma asayimenti.

Kale wobera ankalowa ndi likasa m'sokosi, ukamugwira umboni uli m'manja. ChatGPT, pulogalamu yapakompyuta imene imakulembera nkhani ukangoiuza, itatuluka mu November 2022, zinthu zinasokonekera. Koleji yathu inali kale ndi pulogalamu yoyerekeza zolemba za wophunzira ndi za anthu ena, ndipo akuluakulu anangolimbitsa lamulo: lipoti la pulogalamuyo likaonetsa kufanana kopitirira 20 peresenti, nkhani ipite ku komiti yosungitsa mwambo. Pulogalamu yotereyi imangoonetsa mawu ofanana, siinena kuti munthu waba. Ndipo zolembedwa ndi makina nthawi zambiri sizifanana ndi za wina aliyense. Ngakhale eni ake a ChatGPT, a OpenAI, anatulutsa chida chozindikirira zolemba za makina mu January 2023, n'kuchichotsa mu July chaka chomwecho chifukwa chinkaphonya kwambiri. Izi ndinazinena pamsonkhano, mlembi anazilemba, zinathera pomwepo.

Semesita imeneyo ndinkaphunzitsa njira zochitira kafukufuku. Mtsikana wina wofatsa, wokonda kukhala mpando wakutsogolo, lipoti lake linatuluka lofiira, 34 peresenti. Anagogoda pa ofesi, n'kuima pakhomo atakumbatira kope lake.

"Aphunzitsi, ndinalemba ndekha."

Ndinamuuza akhale pansi, pepala lake ndinalivundikira patebulo. Ndinamufunsa chifukwa chimene anasankhira kucheza ndi anthu pamasom'pamaso m'malo mowapatsa mafunso olemba. Anayankha mosadodoma kuti ena mwa anthu amene ankafuna kuwafunsa sadziwa kuwerenga, ndipo fomu ikanawasiya kunja. Kenaka anawonjezera yekha kuti ndime yake yachitatu sikumusangalatsa, chifukwa anthu khumi okha sangaimire onse. Anatsegula kope lija, masamba odzaza zofufutafufuta ndi mivi yolozera uku ndi uku. Titayang'ana lipotilo tonse awiri, zofiirazo zinali funso limene ndinapereka ine ndemwe, lomwe aliyense analikopera pamwamba, tanthauzo lina la m'buku limene analionetsa bwinobwino kuti ndi mawu a eni ake, ndi mndandanda wa mabuku kumapeto.

Tsiku lomwelo ndinaitananso mnyamata wina amene lipoti lake linali loyera, 3 peresenti. Chingerezi chake chinali choterera kuposa cha ine mphunzitsi wake. Chinandikayikitsa n'chakuti mabuku awiri amene anawatchula ndinawasaka ku laibulale ndi pa intaneti osawapeza, ndipo makinawa amadziwika nako kupeka mabuku. Ndinamufunsa tanthauzo la liwu limene linali pamutu penipeni pa ntchito yake. Anayang'ana kudenga, anayang'ana nsapato zake.

"Bwana, ndikaonenso kaye, ndibweranso."

Malinga ndi lamulo, mtsikana uja ndiye wolakwa, mnyamatayu alibe mlandu.

Ndinalemba kalata kwa mkulu wa dipatimenti yopempha kuti gawo lina la malikisi lizichokera pa kucheza ndi wophunzira mphindi zisanu za ntchito yake. Palibe njira ina imene ndikuidziwa yofulumira kuposa imeneyi yodziwira ngati munthu wamva zimene walemba. Mkuluyo si munthu woipa, ndinene chilungamo. Ndi bambo amene anaphunzitsa zaka zambiri ine ndisanabwere, ndipo nayenso ali pampanipani, ofesi yolemba zotsatira imamuimbira foni m'mawa ndi madzulo. Anawerenga kalatayo, anavula magalasi.

"Achimwene, mukunena zoona. Koma woyesa wochokera kunja akabwera adzafuna pepala loti aligwire, osati nkhani imene munacheza mu ofesi. Ndiye wina akadzadandaula kuti munamukondera mnzake, mudzaonetsa chiyani?"

Pamenepo anandigwira, chifukwa mantha ake ali ndi maziko. Alipo aphunzitsi amene mphamvu ya malikisi anaigwiritsa ntchito moipa, makamaka pa atsikana, ndipo malamulo ambiri otivutitsawa anabadwa chifukwa cha anthu otero. Ndinati tikhoza kumakhala aphunzitsi awiri, kapena kujambula mawu. Anatenga pensulo n'kuwerengera pakona pa kalata yanga yomweyo: ophunzira 200, aliyense mphindi zisanu, ndi mphindi 1,000, maola opitirira 16, kuchulukitsa ndi aphunzitsi awiri. "Maola amenewa ndiwalembe pati?" Kalatayo inalowa m'faelo.

Komiti ya mwambo inakumana patapita masabata angapo, ndipo mlandu wa mtsikana uja unatha pa mphindi zochepa, wosalakwa. Koma tsiku lotumiza malikisi linali litadutsa kale, ndiye zotsatira zitatuluka, pa dzina lake panalembedwa kuti sanamalize phunzirolo. Amene amamulipirira fizi anaimitsa thandizo mpaka aone zotsatira zonse. Ndinayenda maofesi atatu ndi fomu yosinthira malikisi, paliponse akundiuza kuti wosayina watuluka pang'ono, mpaka inatheka semesita ina itayamba.

Mnyamatayo ndinamulepheretsa chifukwa cha mabuku opeka aja, poti umenewo unali umboni wogwirika, ndipo anayenera kulemba sapu, mayeso obwereza aja. Sanakhutire. M'gawo likubwerali ndidzakuuzani za tsiku limene bambo ake anafika pa ofesi yanga atavala suti, atanyamula kalata ya apilo.