Sabata yomanga chipinda cha sewero la pa TV ku Harare

Chipinda chochezera chimene mumaona m'sewero chili ndi makoma atatu okha ndipo chilibe denga. Mbali yachinayi ndi ya makamera, pamwamba ndi pa magetsi. Makomawa timawatcha ma flat. Lolemba ntchito ndi yoyeza basi, ndipo muyeso umatsata pulayiwudi wa m'sitolo, mamita 1.22 m'lifupi ndi 2.44 m'litali. Ukaupatuka, ndalama zimathera m'zidutswa.

Lachiwiri timalawirira ku Mbare kukagula matabwa a paini ochokera ku Manicaland. Thabwa lililonse timaliyang'ana m'mphepete ndi diso limodzi. Laliwisi timalisiya ngakhale litchipe bwanji, chifukwa kutentha kwa magetsi kumalipinda khoma litaima kale. Felemu timaipanga ndi matabwa opala a mamilimita pafupifupi 20 kwa 70, oimika cham'mbali, ndi opingasa pa masentimita 60 aliwonse. Tisanamate pulayiwudi wa mamilimita 3 kapena 4 ndi guluu ndi timisomali, timayeza ngodya ndi ngodya mopingasa. Miyeso iwiriyo ikasiyana, khomalo silidzagwirana ndi linzake.

Lachitatu timaimika. Ma flat timawalumikiza ndi mabawuti, osati misomali, poti adzaphwasulidwanso. Kumbuyo kwa lililonse kumakhala mchirikizo wa ngodya zitatu wopsinjidwa ndi thumba la mchenga. Khoma limodzi timalisiya lochotseka kuti kamera izilowera mbali imeneyo, ndipo polumikizira pake timabisa pa ngodya.

Chodya nthawi ndi chitseko. Masewerowa ndi a mikangano, munthu sakatuluka mwaulemu ayi. Chitseko chikamangidwa pa flat penipeni, akangochimenyetsa khoma lonse limagwedera, chithunzi chopachika n'kupendama, gawo lonse n'kujambulidwanso. Ndiye felemu ya chitseko imamangidwa payokha ndi matabwa onenepa, ili ndi michirikizo yakeyake, kachitsulo kaphanthi kakugwira miyendo yake pansi. Poyesa, mkulu wa akalipentala amangoti, "Achimwene, tachimenyetsani ngati mwakwiyadi," iye maso ali pamwamba pa khoma.

Lachinayi timatseka mipata. Pamene ma flat akumana timamatapo nsalu ya masentimita 10 m'lifupi yoviika mu guluu wosungunula, ikauma n'kupalapo ndi sandipepa. Apa aulesi amagwidwa, chifukwa getsi lowalira cham'mbali limaonetsa mzere uliwonse umene maso sanauone masana. Penti ndi wosanyezimira, wopaka kawiri. Woyera mbee timamukana: kamera imatsata kuwala kwa khoma, nkhope za osewera n'kuda. Mizere ing'onoing'ono yothinana nayonso imanjenjemera pa TV. Nambala ya penti timailemba kumbuyo kwa khoma, kuti podzakonza pokalika mtundu usasiyane.

Lachisanu ndi la mazenera. Kuseri kwake, mamita ngati awiri, timaimika chithunzi chachikulu cha durawall (mpanda wa simenti) ndi mtengo, monga zilili m'nyumba zambiri za kuno. Chikayandikira, mthunzi wa zitsulo za pazenera umagwerapo, bodza n'kuonekera. Kenako timadetsa dala pa switchi ndi pa chogwirira chitseko ndi penti wamadzimadzi, kuti muoneke kuti mumakhala anthu.

Loweruka amayatsa magetsi onse, tonse n'kuunjikana pa monitor, ka TV koonetsa zimene kamera ikuona. Chimene kamera yakana timakonza pompo. Tikatero timajambula chipindacho mbali zonse ndi kulemba nambala kumbuyo kwa flat iliyonse kuti tidzathe kuchimanganso chimodzimodzi, chifukwa malo omwewo Lolemba pakufunika ofesi ya loya ya m'sewero.