Kumanga nsinga pa uta wa recurve pogwiritsa ntchito stringer

Uta wa makolo, uja wosemedwa ku mtengo umodzi, munthu amangoutsamiza pansi, kuupinda ndi bondo n'kukoleka nsinga, ndipo palibe chimawonongeka. Uta wa recurve sulola zimenezo. Mikono yake ndi yafulati, yopangidwa ndi timagawo topyapyala ta thabwa ndi fiberglass tomatidwa ndi guluu, ndipo kunsonga imapindikira kutsogolo. Mukaupinda moukoleka pa mwendo, mphamvu imalowera cham'mbali ndipo mkono umapotoka pang'onopang'ono mpaka tsiku lina kulavula nsinga mukuponya. Njira ina ija yoponda nsonga ya m'munsi n'kumakankha ya m'mwamba ndi chikhatho ndiye yoopsa kuposa zonse, chifukwa dzanja likaterereka nsonga imabwerera molunjika diso. N'chifukwa chake ine ndimamanga ndi stringer nthawi zonse, ngakhale uta wa ana umene mphamvu yake yokokera ndi mapaundi 18 okha.

Stringer ndi chingwe cholimba basi, koma chokhala ndi zokolekera mbali zonse ziwiri. Ilipo ya mitundu iwiri. Ina ili ndi timatumba tiwiri tovala nsonga zonse. Inayo ili ndi kathumba kamodzi ndi kampira kafulati kokhala pamwamba pa mkono. Pa recurve ndimakonda ya kampira, chifukwa nsonga ya m'mwamba imakhala poyera ndipo chala sichilimbana ndi kathumba polowetsa nsinga.

Ndisanapinde chilichonse ndimayamba ndayendera utawo, ndipo kuno kuchigwa gawo limeneli si lodumpha. Kuyambira ku Chikwawa, Nchalo, Ngabu mpaka ku Nsanje, mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo m'galimoto yotseka kapena pansi pa malata kumaposa pamenepo. Guluu wogwira timagawo ta mkono amafooka ndi kutentha kotere. Ndimayendetsa chala m'mphepete mwa mkono uliwonse kufufuza pamene pakukanuka, mng'alu, kapena tizingwe ta fiberglass totukuka. Uta ukakhala kuti ukuwotcha m'manja, ndimauika pamthunzi uyambe wazizira. Kenako nsinga: ikaoneka yaubweya ndimaipaka phula n'kulitikita ndi zala, koma kaulusi ngakhale kamodzi kakaduka, makamaka pafupi ndi mphete za kumapeto kwake zokolekera pa uta, nsingayo yatha ntchito. Chingwe cha stringer nachonso chimafumbwa ndi dzuwa, ndiye mfundo zake ndimazikoka kaye ndi manja.

Ngati uta ndi wophwasula, ndimaonetsetsa kuti mkono wa m'mwamba uli m'mwamba. Nthawi zambiri wa m'munsi ndi umene umalembedwa kutalika kwa uta ndi mapaundi ake. Mabawuti ndimamanga ndi dzanja mpaka alimbe, osachita kuwakakamiza.

Nsinga ili ndi mphete ziwiri zosiyana kukula. Yaikulu ndi ya m'mwamba. Ndimailowetsa pa nsonga ya mkono wa m'mwamba n'kuitsetsereza kudutsa tingalande ta kunsonga, itsike ndithu pa mkonowo. Zikatero nsinga imakhala ndi mpata wokwanira kuti mphete yaing'ono ndiikhazike bwinobwino m'tingalande ta nsonga ya m'munsi. Nsinga iyenera kudutsa mbali imene imayang'ana woponya. Apa ndi pamene oyamba kumene amasochera: poona mmene nsonga zapindikira, amamangira nsinga mbali imene utawo wakhotera kale, uta n'kuoneka ngati mwezi wongotuluka. Umenewo ndi uta womangidwa chagada, ndipo ukakokedwa ukhoza kuthyoka.

Tsopano stringer. Kathumba ndimaveka nsonga ya m'munsi, pamwamba pa mphete yaing'ono ija, ndipo ndimakakankha mpaka nsonga ifike kumapeto kwake. Kameneka kamathandizanso kuti mpheteyo isavuke. Kampira kamapita pa mkono wa m'mwamba, kuseri kwa mphete yaikulu, mbali ya ku chogwirira, koma moyandikira mpheteyo mmene ndingathere. Kakakhala pafupi kwambiri ndi chogwirira, mudzakoka mpaka thukuta mkono osapindika mokwanira.

Ndimagwira uta pa chogwirira, chogona, mbali yoyang'ana chandamale ili kumwamba. Nsonga zonse ziwiri zimaloza kumwamba, nsinga ndi stringer zikulendewera pansi. Ndimaponda chingwe cha stringer ndi mapazi onse awiri, motalikirana ngati mapewa, chingwe chili pakati pa phazi osati kuzala. Valani nsapato zotseka. Mapatapata amapulumutsa chingwe, ndipo pa mchenga wofewa wa m'mbali mwa Shire phazi limatitimira, chingwe n'kutuluka. Pezani pouma, polimba, popanda minga. Yang'ananinso kawiri kuti chimene mwaponda ndi stringer, osati nsinga ya uta, pakuti ziwirizi zimalendewera malo amodzi.

Ndimadzutsa uta pang'ono kuti chingwe chikungike, dzanja linalo litagwirizira kampira kuti kasaterereke. Kakaluma, ndimakoka chogwirira molunjika kumwamba, mawondo opinda pang'ono, msana wowongoka. Osakokera cham'mbali, apo ayi mwabweza vuto lomwe lija la kupotoka. Mikono ikapindika, ndimakankha mphete yaikulu ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala m'mphepete mwa mkono mpaka igwere m'tingalande mbali zonse ziwiri. Chala chisalowe pakati pa nsinga ndi mkono. Nkhope ndimaichotsa pamwamba pa nsonga, ndipo ana oonerera aime kumbuyo kwanga, osati kumene nsonga zaloza. Ngati uta wafika pachifuwa mphete isanafike kunsonga, chingwe chatalika: tsitsani, tangadzani miyendo kapena fupikitsani mfundo, muyambirenso.

Potsitsa ndimapita pang'onopang'ono, maso ali pa mphete. Stringer sindiichotsa msanga. Ndimatembenuza uta kuti mikono iloze kutali ndi ine, n'kuona ndi kukhudza nsonga zonse ziwiri. Mphete yokhala m'kangalande mbali imodzi yokha imagwira kwa kanthawi, n'kudzavuka pamene mwakoka. Zonse zikakhala bwino ndimavula stringer, n'kuyang'ana uta kuchokera kunsonga: nsinga iyenera kudutsa pakati penipeni pa mikono yonse iwiri. Pa mikono ya ILF, yongolowetsa m'chogwirira popanda kumanga mabawuti, ndimakoka nsinga masentimita 5 okha n'kuisiya, kuti mikono ikhazikike m'malo mwake. Kuposa apo ayi. Kukoka uta mokwanira n'kuusiya wopanda muvi kumabweza mphamvu yonse m'mikono, ndipo imatha kusweka pomwepo.

Chotsala ndi kuyeza mpata wa pakati pa nsinga ndi pokuya penipeni pa chogwirira. Pa uta wa mainchesi 68 mpatawu umakhala cha pakati pa masentimita 21.5 ndi 23.5, wa mainchesi 66 umatsikirapo pang'ono, wa 70 umakwererapo, koma pepala la wopanga utawo ndilo lomaliza kulamula. Mpata ukachepa uta umachita phokoso ndipo nsinga imakwapula dzanja. Pokonza, ndimamasula uta ndi stringer yomweyo, kuvula mphete ya m'munsi, kupota nsinga maulendo 4 kapena 5 kutsata mmene inapotedwera kale, kumanganso n'kuyeza. Kupota kumafupikitsa nsinga ndi kukweza mpata. Nsinga yatsopano ya ulusi wa mtundu wa Dacron imatamuka masiku oyamba, ndiye yezani nthawi iliyonse mukamanga. Ndipo uta wakale wathabwa wopanda nsonga zolimbitsidwa musaupatse nsinga zosatamuka za mtundu wa Fast Flight, zimang'amba nsonga. Umenewo ndi wa Dacron.

Pomasula ndimatsata njira yomweyi mobwerera: kathumba kunsonga ya m'munsi, kampira pa mkono wa m'mwamba, kuponda, kukoka, kutulutsa mphete yaikulu m'tingalande n'kuitsetsereza pa mkono, kenako kutsitsa modekha. Ndi kutentha kwa kuno, uta ndimaumasula ndikangomaliza kuponya, n'kuusunga chogona m'chikwama chake, m'chipinda chozizirirapo, osauimika pa nsonga pakona ndiponso osaupachika kudenga pafupi ndi malata.