Mphero ya apongozi ndi ka Mira kanga

Mnyamata amene anandigulitsa ka Mira kanga anandiuza zinthu ziwiri zoona ndi chimodzi chabodza. Zoona zinali zakuti kanachokeradi ku Japan, kudzera pa Dar es Salaam n'kulowa m'dziko muno pa Songwe, komanso kuti mafuta sikamwa, kamangonunkhiza. Chabodza chinali chakuti, "Aka kamakwera paliponse, bwana." Ine nditangomva kuti bwana, makutu anatsekeka, sindinafunsenso kuti paliponse pakepo ndi pati.

Injini yake ndi ya 660cc, masilinda atatu. Kwawoko tigalimoto tamtunduwu tili ndi lamulo lakelake loti tisapyole pamenepo. Kuti mumvetse bwino, tengani njinga zamoto za kabaza zinayi ndi kachidutswa, muzimange pamodzi ndi luzi, muikepo denga, mipando, wailesi yothera pa 90, ndi kamayi kena ka Chijapani komwe kamandilonjera m'mawa uliwonse ndikangoliza. Mpaka lero sindidziwa chomwe kamanena. Mwina kankandichenjeza.

Kuno kuchigwa kanali mfumu. Kuchoka pa Nchalo kupita ku Ngabu msewu ndi wosalala ngati mphasa, palibe chitunda choti n'kukachititsa manyazi. Nthawi ija mafuta ankasowa, anzanga a magalimoto akuluakulu akugona pamzere ndi zigubu, ine malita asanu ankandikwanira sabata yathunthu, ndipo sindinkabisa. Ndinkalengeza ngakhale pamaliro.

Chinsinsi chake chinali chimodzi, chomwe ndinkachidziwa ine ndekha ndi kagalimotoko. AC imadya mphamvu ya injini yomweyo kudzera pa lamba. Pa galimoto yaikulu simungazindikire n'komwe, koma pa 660 zili ngati kum'berekesa mwana wazaka zisanu mng'ono wake n'kumuuza kuti athamange. Usankhe chimodzi: kuzizidwa kapena kuyenda. Choncho ndikamachoka mumsewu wafumbi kulowa mu M1, ndinali ndi mwambo wanga. Kuima, kuyang'ana kumanja, kuthimitsa AC, kuponda moto mpaka phazi ligunde pansi, ndipo ndikafika pa 60 ndiye kuyatsanso. Kwathu kuno kulibe kanjira kapadera koti uyambe wathamangirako usanalowe mumsewu waukulu. Fumbi limangothera pa tala basi, ndipo m'mphepete mwa talayo munadyeka, ndiye umachita kukwera ngati ukulowa pakhonde la munthu.

Loweruka lina mu Okutobala, dzuwa lija loti ngakhale mbuzi zimakana kuchoka pansi pa mlambe, apongozi anga aakazi anafuna kupita ku Blantyre, ku Chilobwe, kukaona mlamu wanga yemwe anali atangochira kumene. Mayi a Chisomo anati, "Nanga amayi akwere minibasi pamene galimoto ilipo pakhomo?" Ndinavomera mwachangu. Walira mvula walira matope.

Tinakawatenga kumudzi kwawo, chakumadzulo kwa Ngabu. Ine anandikhazika pansi pa mtengo wa nimu n'kundipatsa thobwa la mapira, uku anyamata akulongedza katundu. Ndinaona thumba la mapira likulowa, nkhuku ziwiri zomanga miyendo, milamba youma, malambe a ana. Kenaka anyamata awiri anatulukira kuseri kwa nyumba atanyamulizana kanthu kokulungidwa m'chitenje, akuyenda chopendekera, mitsempha ya m'khosi ili tolotolo. Atakaika kumbuyo, kagalimoto kanakhala pansi ngati galu wodikira mkute. Ndinafuna kufunsa. Koma mkamwini safunsa za m'chitenje cha apongozi.

Apa ndiyenera kufotokoza. Zaka 11 za ukwati, ine ndi amayiwa sitinakhalepo moyandikana. Tikakumana panjira wina amapatuka. Moni timapatsana chapatali, iwo atanjuta kuseri kwa nkhokwe, ine nditayang'ana nyerere pansi. Nkhani ikakhalapo imadzera mwa mwana. Tsono tsikuli, poti mawondo amawavuta, anati sangapindike kumbuyo. Anakhala kutsogolo. Mu Mira. Pakati pa chigongono changa ndi chawo pankangokwana chala chimodzi. Amene anapanga galimotoyi ku Japan mwachionekere alibe apongozi.

Tisanapite patali anati, "Chisomo, uwafunse abambo ako, kamphepo ka mufilijika kakuchokera pati?"

Chisomo, mwana wanzeru kusukulu koma wopanda chisoni ndi bambo wake, anatambasula dzanja n'kuwaonetsa batani lenilenilo.

Titafika pamphambano ndinaima. Ndinayang'ana kumanja. Ndinadina batani, mphepo zii. Apongozi, maso ali kuwindo ngati akuwerenga ng'ombe za eni, anatambasula chala n'kudinanso, mphepo juu.

"Chisomo, uwauze agogo kuti galimoto ikufuna ipumeko pang'ono."

"Uwauze abambo ako kuti agogo nawonso akufuna kupuma."

Ndinadikira. Inadutsa minibasi, kondakitala theka lili panja. Inadutsa ngolo. Unadutsa msambi wa ng'ombe zomwe pano pamsewu zili ndi ufulu woposa wa tonsefe. Kumbuyo kwanga mnyamata wa kabaza yakapalasa, atakweza mayi wonenepa bwino ndi dengu la tomato, anali akuliza belu, ngiri ngiri, ngati ndamutsekera njira ya kumwamba. Manyazi anayamba kundikwera. Chapatali, komwe tala amachita kunyezimira ngati madzi, ndinaona chithiraki cha nzimbe. Ndinachiyeza ndi diso monga mwa masiku onse, diso lozolowera munthu mmodzi ndi chikwama cha mabuku. Ndinati ndikwanitsa. Ndinadina batani mwakabisira ndi chala chaching'ono, n'kuponda.

Matayala akutsogolo anakwera pa tala. Akumbuyo anaganiza kaye, kenaka nawonso anakwera. Ndipo pomwepo, tili pakatikati pa msewu, ndinamva kamphepo kozizira kakundipepesa pankhope.

Abale, injini inalira. Inalira ngati chigayo cha dizilo m'mawa wa Loweruka, koma muvi wa liwiro unangoima pa 15, kenaka mwaulemu unasendera pa 18. Hutala wa chithiraki anandilowa m'msana. Nditasuzumira pagalasi sindinaone thambo, sindinaone msewu, ndinangoona zitsulo zakumaso kwake ndi agulugufe omwe anafera pamenepo. Mabuleki ake anapuma, psiii, psiii. Mayi a Chisomo anayamba pemphero kuchokera pakati. Nkhuku zinalowerera. Ndipo kumanzere kwanga, m'fumbi, mnyamata wa kabaza uja anandipitirira, mayi ndi tomato wawo ali phee, n'kuwerama pawindo.

"Bwana, tikukankheni?"

Chithiraki chitapeza mpata chinandidutsa, nzimbe zikugwedezeka pamwamba pathu. Wothandizira dalaivala anatulutsa mutu n'kukuwa kuti, "Kagulitseni mugule ngolo!" Ine ndinangoyatsa mahazadi, omwe pamsewu amatanthauza zikomo, koma tsikulo ankatanthauza pepani, ndili ndi apongozi.

Amayi anakonza duku lawo. "Chisomo, anthu a mathiraki alibe mwambo."

Kuyambira pamenepo ulendo unayenda mwa apo ndi apo. Miseu Folo, Nchalo, Bereu. Tisanafike pa Dyeratu ndinapezeka kumbuyo kwa lole ina yokalamba, ya dalaivala wamtima wabwino mopitirira. Mukudziwa chinenero cha indiketa: yakumanja ndiye kuti dikira kukubwera ina, yakumanzere ndiye kuti dutsa mbale wanga, kutsogolo kuli bwino. Mkuluyu anandiyatsira yakumanzere. Ndinayesa kutuluka, kagalimoto kanafika pa tayala lake lakumbuyo n'kuthera pomwepo, ndinabwerera. Anayatsanso. Anayatsanso kachitatu. Mapeto ake anatulutsa mkono wonse n'kumandikodola ngati akuitana mwana wamanyazi. Ine ndinangoyang'ana kumbali, kuchita ngati ndikusirira milambe.

Tinawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, tinadutsa pa Thabwa, ndipo phiri linaima patsogolo pathu.

Amene munakwerapo chitunda chimenechi mukuchidziwa. Msewu umapindika ngati njoka yomenyedwa ndi ndodo, ukamati kona iyi ndi yomaliza pamatulukira ina. Tinayamba ndi 40. Kenaka 30. Ndinatsitsa giya kufika pa L, tinatsala ndi 20. Chisomo anafunsa ngati dzina loti Chikwawa linachokera pa kukwawa, amayi ake anamutsina. AC inali ikadali yoyaka, ine thukuta lili kamukamu m'galimoto yozizira. Pa kona ina yokhota kwambiri kanyali kofiira ka kutentha kwa injini kanayamba kuphethira, ndipo kafungo ka mphika wopserera kanalowa. Ndinapatukira pamiyala ya m'mbali n'kuthimitsa.

Ndinakoka handibuleki. Tsono handibuleki imeneyi kuchigwa ndinali ndisanaiyesepo, poti kulibe koti galimoto n'kutsetserekera. Inangobwera yonse mpaka m'khwapa, yopepuka ngati chipande. Kagalimoto kanayamba kubwerera m'mbuyo, pang'onopang'ono, mwaulemu wake womwe uja. Ndinaponda buleki, koma injini ikazima buleki imauma gwa, umachita kuimirira nayo. Kumbuyo kwathu kunali phompho, ndipo pansi penipeni Shire ankanyezimira ngati akutidikira.

"Mwala! Ikani mwala kutayala!"

Mayi a Chisomo anadumpha. Anabwera ndi kamwala konga mbatata, tayala linangokaponda n'kupitirira. Anabweretsa kena, chimodzimodzi. Mwendo wanga unali utayamba kunjenjemera. Apongozi, osatekeseka ngakhale pang'ono, anati, "Chisomo, uwauze amayi ako atsegule kumbuyoko, amasule chitenje."

Anyamata awiri a makala omwe ankapuma ndi njinga zawo pamthunzi anathamanga kudzathandiza. Anachinyamula chinthucho akubuula, chitenje chinagwa, ndipo ndinachiona pagalasi. Mphero. Mphero yathunthu yoperera mapira, yakuda, yosalala pakati, pamodzi ndi mwanamphero wake. Anaiika kumbuyo kwa tayala. Galimoto inagunda, khu, n'kuima nji.

Ndinatuluka miyendo ili lendelende. Mmodzi wa anyamata aja anasuzumira mkati, n'kundiyang'ana mwachisoni.

"Koma biggie, iyi si otomatiki? Mukanangoika pa P."

Ndinam'patsa ya fanta kuti asapitirize.

Tinakhala pamenepo pafupifupi ola, boneti ili yasa, poti chotsekera cha radiyeta sutsegula ikadali yotentha pokhapokha ngati nkhope yako watopa nayo. Mpamene ndinalimba mtima.

"Chisomo, uwafunse agogo, kodi ku Chilobwe kulibe chigayo?"

"Uwauze abambo ako kuti mapira a kuchigayo amanunkha chitsulo. Mwana wanga wachira kumene, amwa phala la pamphero ngati lomwe ndinamwa ine."

Ndinati mwina tiibise patchire, tidzaitenga pobwerera. Amayi sanayankhe. Anangopita n'kukhala pa mpheroyo. Anauza Chisomo, ndi anyamata a makala, ndi aliyense wodutsa, kuti mwalawu anausiya ndi mayi awo, kuti madzi osefukira a 2015 anatenga nkhokwe, mbuzi ndi chitseko koma iwo anaupeza uli pomwepo, ndiye sungathere patchire chifukwa cha galimoto ya chidole.

Tinagwirizana chonchi: anthu akwere minibasi, mphero ikwere Mira. Minibasi itaima, apongozi analowa, mayi a Chisomo ndi mwana analowa, nkhuku zinalowa, ndalama zinatuluka m'thumba mwanga. Anyamata aja anaikweza mphero pampando wakutsogolo kuti kumbuyo kupepukidwe. Nditangoliza, kagalimoto kanayamba kulira, pi pi pi, kuti wokwerayo sanamange lamba. Ndinaimanga lamba.

Mnyamata wa P uja anandipatsanso nzeru ina, yomwe ndi yoona ngakhale ndi yankhanza: ukafuna injini isatenthe pachitunda, yatsa hita mpaka kumapeto, imakoka kutentha kwina n'kukuponyera iweyo. Choncho ndinakwera phiri lonselo mu Okutobala, masana, hita ili pamapeto, mawindo ali pululu, malaya atamatirira kumsana, pambali panga pali mwala womanga lamba. Ndipo poti unakhala pampando wa apongozi, ndinayamba kuuuza. Ndinauuza za AC. Ndinauuza za mbuzi yanga ija inaphedwa pa chinkhoswe cha munthu yemwe sindimudziwa n'komwe. Ndinauuza za zaka 11 zoyang'ana nyerere. Sindinadzere mwa Chisomo. Unamvetsera bwino kwambiri, osadina batani lililonse. Pa rodibuloko wapolisi anasuzumira, anayang'ana mwala, anayang'ana ine ndikulankhula ndekha, n'kungondikodola kuti pitani.

Ndinafika ku Chilobwe dzuwa litapendeka. Ndinapeza bwalo ladzaza, amayi ali pakati pamkeka, nkhani yafika kale pachimake. Ndinamva akuti, "Pakanapanda mphero yangayi, bwenzi pano mukutivuula mu Shire." Azimayi anawomba m'manja. Ena anapita kukaisisita pamene anyamata ankaitsitsa. Ine palibe anandifunsa ngati ndamwa madzi.

Ndikutsanzika kuti ndizibwerera kuchigwa, amayi anatembenuka. Sanaitane Chisomo. Kwa nthawi yoyamba chikwatirire mwana wawo anandiyang'ana m'maso n'kundilankhula ine mwini.

"Akamwini, Lachitatu mudzatitenge m'mamawa. Mpheroyi ndangom'bwereka, tibwerera nayo. Ndipo mlamu wanu watipatsa matumba awiri a simenti."