Mtima wa mwana ali m'mimba, ndi chifukwa choyambira sikelo msanga

Mchemwali wanga atatenga pathupi pachiwiri anafuna kubisa mpaka mimba itaonekera, monga amachitira amayi ambiri kwathu kuno poopa maso a anthu. Ndinamuchonderera kuti ayambe sikelo msanga, chifukwa mwana wake woyamba anabadwa ndi kabowo mumtima, ndipo iye mwini wakhala ndi matenda a shuga kuyambira asanakwatiwe. Chimodzi chokha mwa ziwirizi chikanakwanira kuti mtima wa mwana wosabadwayo upimidwe ndi dokotala wodziwa za mitima ya ana.

Pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 aliwonse amabadwa ndi vuto la mtima. Mtimawu umapangika m'masabata oyambirira, nthawi zina mayi asanazindikire n'komwe kuti ndi woyembekezera, koma zipinda zake ndi mitsempha yake ikuluikulu zimaoneka bwino pa sikani pakati pa masabata 18 ndi 24. Apa m'pamene kubisa pakati kumandidetsa nkhawa, chifukwa mayi wofika ku sikelo ali ndi miyezi isanu ndi iwiri amakhala ataphonya kale nthawi yabwinoyi, ndipo azamba sangaganizire za mbiri imene sanauzidwe.

Shuga wa mayi ndi mbiri ya m'banja, kaya vuto linali mwa mayi, bambo kapena mwana wina, ndi zifukwa zazikulu zopimitsira mtima wa mwana, koma zilipo zinanso. Mayi amene anadwala rubella, matenda ofanana ndi chikuku, m'miyezi itatu yoyamba ayenera kunena zimenezi poyera. Chimodzimodzinso amene amamwa mankhwala ena a khunyu monga sodium valproate, ngakhale kuti sayenera kuwasiya yekha popanda dokotala, pakuti kugwa khunyu ali ndi pakati nakonso n'koopsa. Nthawi zina chenjezo limachokera kwa mwanayo: mtima wake umayenera kugunda pakati pa maulendo 110 ndi 160 pa mphindi, ndipo mzamba akamva kuti ukudumphadumpha, ukuthamanga kapena ukuchedwa kwambiri, amatumiza mayi kuchipatala chachikulu.

Anthu ena amafunsa phindu lodziwiratu vuto limene silingakonzedwe mwana ali m'mimba. Phindu lake lili pa malo ochirira. Mwana amene mtima wake sutumiza bwino magazi amafunika thandizo m'maola oyambirira atabadwa, ndipo ndi bwino abadwire kumene kuli madokotala a ana, monga ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kusiyana ndi kuyamba kufunafuna galimoto usiku iye akusanduka wobiriwira milomo.

Mchemwali wanga anapita ku sikelo ali ndi miyezi itatu, anafotokozera azamba zonse, ndipo iwo analemba m'buku lake la kuchipatala kuti akapimidwe kwa madokotala akuluakulu. Shuga wake anayamba kumuyang'anira mwezi womwewo.