Masikito ochuluka, odwala malungo ochuluka

Lolemba ndinayamba ndi ntchito yanga ya mwezi ndi mwezi, yotsitsa ziwerengero za malungo mu DHIS2, pulogalamu ya pakompyuta yosungiramo ziwerengero za zaumoyo, n'kuzifananitsa ndi zimene zipatala zing'onozing'ono za m'boma lathu zinalemba m'makaundula. Chakumadzulo mnzanga amene wangoyamba kumene ntchito anabwera ndi galafu yoonetsa kuti zipatala zimene zinagawa masikito ambiri ndi zomwenso zinalandira odwala malungo ambiri, ndipo m'munsi mwake anali atalemba kale kuti masikito sakuthandiza.

Masamu ake anali olondola. Correlation, imene muyeso wake umayambira pa -1 kulekezera pa 1, inali yokwera ndithu, koma muyesowu umangonena kuti zinthu ziwiri zikuyendera limodzi, sunena chimene chikukoka chinzake, ndiponso suona chachitatu chimene chingakhale chikukoka zonse ziwiri. Lachiwiri ndinamufunsa kuti, "Achimwene, kodi masikitowa amafika bwanji m'manja mwa anthu?" M'zipatala, ambiri amaperekedwa kwa amayi oyembekezera akabwera kusikelo, choncho chipatala chotumikira midzi yambiri chimagawa masikito ambiri, ndipo odwala nthenda iliyonse amachulukanso komweko. Titawerengera odwala pa anthu 1,000 alionse, mzere wa pagalafu uja unayamba kugona.

Lachitatu ndinali kuchipatala china cha m'mbali mwa dambo. Pabenchi panali agogo atafungata mdzukulu wotentha thupi, kachida koyezera magazi kataonetsa mizere iwiri yosonyeza kuti ali ndi malungo, mankhwala a LA ali m'manja. "Ndi mango osapsa amene wakhala akudyawa, mwanangu," anandiuza motsimikiza. Agogowo anaona zoona, pakuti mango amachuluka mvula ikamayamba ndipo malungo amatsatira, koma chimene chimabweretsa matendawa ndi udzudzu wa Anopheles woswana m'zithaphwi za mvula yomweyo. Pobwerera ndinkangoganiza kuti maganizo a agogowo ndi a mnzanga wa pakompyuta anayenda njira imodzi, kungosiyana kuti cholakwa cholembedwa mu lipoti chikhoza kuchotsetsa ndalama zogulira masikito, ana n'kugona osadziteteza.

Pamsonkhano wa Lachinayi abwana anafunsa kuti, "Nanga tsono tingadziwe bwanji kuti chinthu chikuthandizadi?" Ndinayankha kuti njira yodalirika ndiyo kuchita maere posankha olandira ndi oyamba adikira, kuti magulu awiriwo asasiyane pa china chilichonse. Umu ndi mmene masikito onyikidwa m'mankhwala anayesedwera ku Ghana ndi ku Kenya m'zaka za m'ma 1990, imfa za ana n'kuoneka kuti zatsika, ndipo katemera wa malungo wa RTS,S atayamba kuperekedwa kuno ku Malawi mu 2019, madera oyambira anasankhidwanso mwa maere. Pamene maere sangatheke, monga pa nkhani ya fodya ndi khansa ya m'mapapo imene Richard Doll ndi Austin Bradford Hill anafufuza mu 1950, umboni umasonkhanitsidwa pang'onopang'ono, ndipo funso losalumphika ndi lakuti chinayamba n'chiti.

Lachisanu tinakhala pansi awiriwiri n'kulembanso lipotilo. Chiganizo chonena kuti masikito sakuthandiza tinachichotsa, ndipo tinapempha alangizi a zaumoyo kuti akamayendera makomo azifunsa ngati ana anagonadi m'masikito usiku wapitawo, chifukwa kaundula wathu amawerenga masikito operekedwa, osati opachikidwa.